Sikelo ili m'shedi, kompyuta ili ku ofesi: kulumikiza serial device server ku Lizulu

Yamikani wa ku Lizulu:
Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru. Kopaletivi yathu kuno ili ndi sikelo yapansi yoyezera matumba a soya ndi mbatata ya kachewere. Sikeloyo ili m'shedi, ndipo ofesi ili mamita 140 kuchokera pamenepo. Bokosi loonetsa kulemera lili ndi RS-232 (njira ya serial yotumizira data pa chingwe) pa pulagi ya mapini 9 yotchedwa DB9. Pulogalamu yolembera malisiti pa kompyuta ya mu ofesi imangodziwa COM port (khomo la serial pa kompyuta) basi. Tili ndi Moxa NPort 5110 (serial device server, kabokosi kolumikiza chida cha serial ku netiweki) yomwe inabwera limodzi ndi sikeloyo. Ndailumikiza pa rauta koma ping (lamulo loyesera ngati chida chikumveka pa netiweki) sikuyankha. Rauta imagawa ma adiresi a 192.168.1.x. Ndiyambire pati? Komanso mtunda umenewu, tikoke chingwe kapena tingoika Wi-Fi?

aNgozo:
Achimwene, za mtunda tiyambe taziika padera. Chotsani kabokosiko pa rauta, mukaike patebulo pafupi ndi laputopu.

Sikakuyankha chifukwa kamachoka kufakitale ndi adiresi yakeyake, 192.168.127.254, ndipo kompyuta yanu yomwe ili pa 192.168.1.x singakaone. Lumikizani kabokosiko ndi laputopu mwachindunji ndi chingwe chimodzi cha netiweki. Zimitsani Wi-Fi ya laputopu. Pa khadi la netiweki ikani adiresi pamanja: 192.168.127.10, subnet mask 255.255.255.0, gateway musiye popanda kanthu. Kenako ping 192.168.127.254. Ikayankha, lembani adiresi yomweyo mu browser.

Ikapanda kuyankha, ndiye kuti wina anasinthapo kale. Pulogalamu ya Moxa yofufuzira, Device Search Utility, imakapeza ngakhale kali pa subnet ina, chifukwa imafuula kwa onse pa UDP 4800. Firewall ya Windows ikatseka pamenepo, simuona kanthu. Njira yomaliza ndi kabatani ka Reset: kakanikizeni ndi waya wopyapyala kwa masekondi 5 mpaka getsi la Ready litasiya kuphethira. Zonse zibwerera mwakale. Pa firmware yatsopano pasiwedi yoyambira ndi moxa, m'zilembo zazing'ono.

Yamikani wa ku Lizulu:
Zikomo aNgozo. Ndalowa. Pa IP configuration pali Static, DHCP ndi zina. Ndingoika DHCP kuti rauta izipereka yokha?

Mphatso Tech, Ntcheu Boma:
Ayi, musatero. Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta itha kukapatsa adiresi ina, pomwe COM port ya pa kompyuta idzakhala ikufunabe yakale ija. Vuto linanso, kabokosika kamadzuka msanga kuposa rauta ya SIM, ndiye kamapempha adiresi rauta isanadzuke. Ikani Static. Yang'anani kaye mu rauta kuti DHCP imagawa kuyambira pati mpaka pati. Ngati ndi .100 mpaka .199, tengani 192.168.1.240, mask 255.255.255.0, gateway 192.168.1.1. Musanaitenge, pangani ping ku .240 kuchokera pa kompyuta ya mu ofesi, muonetsetse kuti palibe pulinta kapena kamera yomwe ili pamenepo. Getsi la Ready likamaphethira mofiira mutalumikiza pa rauta, kawirikawiri ndiye kuti zida ziwiri zikulimbirana adiresi imodzi.

Mukasindikiza Submit musaiwale Save/Restart. Tsamba lidzaoneka ngati lafa. Silinafe, mwasamuka subnet. Bwezerani laputopu pa automatic.

Ndipo lembani adiresiyo ndi maka pa kapepala, mumate pa kabokosiko. Amene adzabwere pambuyo panu adzakuthokozani.

aNachisale, Bembeke:
Kuwonjezera pang'ono: rauta zambiri za SIM zimagwiritsa ntchito 192.168.8.x kapena 192.168.0.x. Tsiku lomwe rauta idzasinthidwe, sikelo idzasowa pa netiweki ngakhale palibe wakhudza kabokosiko. Chapafupi ndi kusintha LAN ya rauta yatsopanoyo kuti ikhale 192.168.1.1, osati kuyendera chida chilichonse.

Yamikani wa ku Lizulu:
Zatheka, ping ikuyankha pa .240. Ndanyamula kabokosi ndi laputopu kupita nazo m'shedi, ndalumikiza ku sikelo ndi chingwe cha DB9 chomwe chinali m'katoni. Getsi la Tx/Rx silikuyaka n'komwe.

aNgozo:
Mwachita bwino kuyesera pompo pa sikelo. Getsi limenelo limayaka lachikasu kabokosi kakamalandira kuchokera ku serial, lobiriwira kakamatumiza. Likakhala zii, palibe chikulowa, ndipo zifukwa zake n'ziwiri zokha.

Choyamba ndi mawaya. Pa DB9 ya NPort, pini 2 ndi yolandirira, pini 3 ndi yotumizira, pini 5 ndi ground, chimodzimodzi kompyuta. Opanga masikelo ena amaika potumizira pa pini 2, ena pa pini 3, ena pa mapini achilendo. Musalote, yezani. Chotsani chingwe ku NPort, sikelo ikhale yoyaka, multimeter pa DC, waya wakuda pa pini 5 ya chingwecho. Gwirani pini 2, kenako pini 3. Pomwe mupeze mavoti a negative, mwina pakati pa -5 ndi -12, pamenepo ndiye pakutuluka mawu a sikelo. Ngati sikelo ikutumiza mosalekeza, nambalayo izingosinthasintha. Waya umenewo ukuyenera kufika pa pini 2 ya NPort. Mukaupeza pa pini 3, ndiye kuti zida zonse ziwiri zikulankhula pa waya umodzi popanda womvera. Mufunika null modem (chingwe chosinthanitsa pini 2 ndi 3), kapena tsegulani chipewa cha DB9 musinthanitse 2 ndi 3 ndi soldering iron. Samalani powerenga manambala a mapini, poti yaikazi ndi yaimuna zimawerengedwa motembenuzana. Tengani tochi, manambalawo analembedwa pa pulasitiki.

Chachiwiri ndi sikelo yeniyeniyo. Mabokosi ambiri a masikelo ali ndi njira zitatu: kutumiza mosalekeza, kutumiza munthu akasindikiza PRINT, kapena kudikira kuti kompyuta ifunse. Ngati ili pa yachiwiri, getsi lingothwanima kamodzi mukasindikiza batani. Ngati ili pa yachitatu, siliyaka mpaka pulogalamu itafunsa. Izi zili mu menu ya sikelo. Chenjezo: musalowe mbali ya calibration ndipo musadule chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Sikelo yamalonda ikadulidwa chidindo, iyenera kuyezedwanso.

Yamikani wa ku Lizulu:
Ndapeza pafupifupi -8 pa pini 3. Ndasinthanitsa, tsopano lachikasu likuphethira mosalekeza.

Mphatso Tech, Ntcheu Boma:
Eya, tsopano tione zomwe ikunena tisanakhudze driver. Pa Operating Settings sankhani TCP Server Mode, Local TCP port isiyeni pa 4001. Pa Serial Settings ikani zofanana ndi za sikelo. Kufakitale NPort imakhala pa 115200, 8, None, 1, ndi flow control ya RTS/CTS. Masikelo ambiri ali pa 9600, ena akale pa 2400 kapena 4800. Flow control ikani None, chifukwa chingwe chanu chili ndi mawaya atatu okha. Mukaisiya pa RTS/CTS, kabokosi kadzadikira chilolezo pa pini 8 chomwe sichidzabwera, ndipo malamulo monga zero ndi tare ochokera ku kompyuta sadzafika ku sikelo, ngakhale kulemera kukuoneka bwinobwino.

Tsegulani PuTTY (pulogalamu yoonetsa zomwe chida chikutumiza), connection type Raw, adiresi 192.168.1.240, port 4001. Laputopu muipatse 192.168.1.50 pamanja poti m'shedimo mulibe rauta. Mutiuze zomwe zikutuluka.

Yamikani wa ku Lizulu:
Pa 9600 zikutuluka ndithu. Thumba la 50 likuonetsa 50.0 bwinobwino, koma pomwe payenera kukhala kg pali tizizindikiro tachilendo. Nditaika thumba la 47.2, manambala onse asokonekera, kwangotsala kadontho. Ndiye baud rate, liwiro la serial lija la 9600?

aNachisale, Bembeke:
Si baud rate imeneyo achimwene. Baud rate ikalakwika, zonse zimakhala zinyalala, simungawerenge ngakhale nambala imodzi. Izi ndi parity. Sikelo yanu ikutumiza 7 data bits ndi Even parity, inu mukuwerenga ngati 8, None.

Zimachitika chonchi. Pa 7-E-1, bit yachisanu ndi chitatu si mbali ya chilembo, ndi yongowerengera: imakhala 1 ngati ma 1 a m'chilembocho ali osagawika pawiri. Mukawerenga ngati 8-N-1, bit imeneyo imalowa m'chilembo n'kuchisintha. Manambala 0, 3, 5, 6 ndi 9 ali ndi ma 1 ogawika pawiri, ndiye amadutsa osakhudzidwa. Koma 1, 2, 4, 7 ndi 8 amawonongeka. N'chifukwa chake 50.0 inakupusitsani, pomwe 47.2 yonse yapita. Zilembo k ndi g nazonso zili m'gulu lowonongekalo. Choipa kwambiri n'chakuti CR, chilembo chosaoneka chotsekera mzere, chomwe ndi 0D, chimasanduka 8D. Pulogalamu yodikira 0D imangokhala duu ngati sikelo yazima.

Sinthani kukhala 9600, 7, Even, 1. Ndipo poyesa sikelo musamangoika thumba la 50 lokha.

Yamikani wa ku Lizulu:
Achemwali mwalasa. Tsopano 47.2 kg ikuoneka yoyera, mzere uliwonse pawokha.

aNgozo:
Ndiye serial yatha. Tsopano COM port. Bwererani ku Operating Settings musankhe Real COM Mode, yomwe imachititsa kuti kompyuta izikaona kabokosi ngati COM port. Pa kompyuta ya mu ofesi ikani NPort Windows Driver Manager ngati Administrator, sindikizani Add, ipeze kabokosiko kapena lembani adiresi pamanja, kenako Activate. Idzakupatsani COM yomwe ili yaulere. Mapulogalamu akale a masikelo ena saona kupitirira COM4 kapena COM9, ndiye ikakupatsani COM12, isintheni ikhale nambala yaing'ono yomwe siikugwiritsidwa ntchito.

Chimodzi chomwe chimasokoneza anthu: mu Real COM, pulogalamu ya pa kompyuta ndi imene imalamula baud ndi parity ikamatsegula port. Zomwe mwaika pa tsamba la NPort zimaphimbidwa. Choncho 9600, 7, Even, 1 ikaninso mkati mwa pulogalamu ya malisiti.

Real COM siidutsa pa 4001. Port yoyamba imagwiritsa ntchito TCP 950 ya data ndi 966 ya malamulo. Ngati pali firewall pakati, tsegulani ziwirizo.

Mphatso Tech, Ntcheu Boma:
Onjezanipo izi ziwiri, poti kuno magetsi amathimathima. Max connection imakhala pa 1, ndipo TCP alive check time imakhala pa mphindi 7. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, kabokosi sikadziwa kuti mnzake wapita, kamasungabe malo aja. Kompyuta ikayakanso imakanizidwa mpaka mphindi zija zitatha, alimi ali pa mzere panja. Tsitsani alive check ifike pa mphindi 1.

Max connection mukhoza kuikweza ngati kompyuta ziwiri zikungowerenga kulemera. Koma ngati zonse zikutumiza malamulo ku sikelo, mayankho amasakanikirana. Isiyeni pa 1 pokhapokha pali chifukwa.

Bambo Mbewe, Tsangano Turn-off:
Tabwerani ku nkhani ya mtunda ija, poti ndalama zili pamenepo. Chingwe cha Cat5e kapena Cat6 malire ake ndi mamita 100, ndiye 140 sichifika popanda switch pakati, ndipo switch pakati pa bwalo ifuna magetsi ndi pobisala mvula. RS-232 ndiye musaiganizire, ndi ya mamita 15 basi. Ine ndikuti kabokosi kakhale mu ofesi, ndipo pa sikelo muike chosinthira RS-232 kupita RS-422, china ku ofesi chobwezera. RS-422 pa 9600 imayenda mpaka mamita 1200 pa mawaya opotana. Chingwe cha Cat5e chapanja mu paipi ya PVC, mapeya awiri a data, waya wina wa ground. Zotsika mtengo, ndipo fumbi la soya silifika pa kabokosi.

aNgozo:
Bambo Mbewe, za mtunda mwanena zoona, koma waya wa kopa pakati pa nyumba ziwiri pamtunda ngati pa Lizulu, ine ndikukana. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ziphaliwali za m'mapiri muno mukuzidziwa. Sichichita kufuna kugwa pa shedi penipeni. Chikagwa chapafupi, nthaka ya ku shedi ndi ya ku ofesi zimasiyana mavoti kwa kanthawi kochepa, ndipo kusiyanako kumadutsa mu waya wanuwo. Choyamba kupsa ndi chip ya serial ya m'bokosi la sikelo, chomwe ndi chida chodula kuposa zonse pamenepo. Mukafuna kopa, zosinthira zonse ziwiri zikhale za isolation, ndi surge protector mbali zonse yolumikizidwa ku earth rod yeniyeni. Mukaphatikiza mitengo ya zimenezo, mwafika kale pa fibre.

Fibre ndi galasi, magetsi sadutsamo. Mufunika media converter ziwiri ndi chingwe chapanja cha mamita 150 kapena 160 chobwera ndi mitu yake kale, kuti musafune makina olumikizira. Onetsetsani kuti zonse ndi mtundu umodzi, single-mode ndi single-mode, mitu SC ndi SC. Zikakhala za ulusi umodzi, zimagulidwa ziwiriziwiri, A ndi B. Mukagula A ziwiri sizilankhulana. Kumbani ngalande yakuya ndithu pomwe pamadutsa malole, paipi yolimba, ndipo musapinde chingwe mwamphamvu pa ngodya.

Bambo Mbewe, Tsangano Turn-off:
Za isolation ndavomera. Koma fibre ikadulidwa ndi khasu, kuno woilumikiza mumupeza kuti? Mpaka achoke ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kopa aliyense amalumikiza.

aNachisale, Bembeke:
Nonse muli ndi mfundo, koma pa mamita 140 pooneka bwino, wailesi ziwiri zapanja zoyang'anana zimathetsa mkangano. Imodzi pa khoma la ofesi ngati access point, ina pa shedi ngati station, zonse pa bridge mode, pa 5 GHz. NPort yomwe muli nayo kale ilowa m'chingwe cha wailesi ya ku shedi. Data yake ndi yochepa zedi: pa 9600 sikelo singapitirire mabayiti 960 pa sekondi. Chofunika si liwiro, koma kuti ulalo usamaduke.

Chomwe sindingalimbikitse ndi kudalira Wi-Fi ya rauta ya mu ofesi kuti ifike mkati mwa shedi. Malata amatchinga, ndipo milu ya matumba imamwa signal. Mu Febuluwale shedi ili mbee zimagwira, mu Meyi soya atadzaza mpaka kudenga zimaduka. Wailesi ikhale panja, pamwamba, yoonana ndi inzake popanda mtengo wa bulugama pakati kapena lole yoima. Signal ikhale -65 dBm kapena yabwino kuposa apo. Tsitsani mphamvu yotumizira, poti pafupi chonchi ikakhala yonse wailesi zimagonthetsana. Yatsani WDS kapena transparent bridge, apo ayi pulogalamu yofufuzira ija siidzapeza kabokosi ngakhale ping ikuyenda.

Chisomo, Linthipe:
Ndalowerera, pepani. Nanga mabokosi okhala ndi Wi-Fi yawo mkati, monga NPort W2150A kapena Elfin EW11, amakonzedwa bwanji? Ndikufuna kuwerenga mamita atatu a magetsi a RS-485 pa chigayo, rauta ili m'chipinda choyandikana.

Mphatso Tech, Ntcheu Boma:
W2150A imakonzedwa ndi chingwe poyamba. Adiresi ya chingwe ndi 192.168.126.254, osati 127, imeneyo ndi ya mbali ya Wi-Fi. Mukaika SSID, WPA2 ndi adiresi ya static ya WLAN, chotsani chingwe kenako muzimitse n'kuyatsanso. Ikadzuka chingwe chili chilumikizire, imasankha chingwe, Wi-Fi n'kugona. Anthu ambiri amatayira nthawi apa.

EW11 imayamba ngati access point yokha. Lumikizani foni kapena laputopu ku dzina loyamba ndi EW11, tsegulani 10.10.100.254, dzina admin, pasiwedi admin. Sinthani kukhala STA (station), sankhani rauta yanu. Imamva 2.4 GHz yokha, choncho rauta ikhale ndi 2.4 yoyaka, pa channel 1, 6 kapena 11. Musailumikize ku guest network, ndipo zimitsani AP isolation, chifukwa imeneyo imalola chida kupita pa intaneti koma kuletsa kulankhulana ndi kompyuta yoyandikana nayo. Port yake yoyambira ndi 8899.

aNachisale, Bembeke:
A Chisomo, pa mamita vuto lalikulu ndi Modbus, chilankhulo chomwe amalankhula, osati Wi-Fi. Pali zinthu ziwiri zofanana mayina. Modbus TCP ili ndi mutu wa mabayiti 7, ilibe CRC (nambala yotsimikizira kuti uthenga sunawonongeke), ndipo imayenda pa port 502. Modbus RTU yodutsa pa TCP ndi mabayiti a serial omwewo, ndi CRC yake, ongokulungidwa. Mita imamva RTU yokha. Ngati pulogalamu yanu ikulankhula Modbus TCP, pa EW11 ikani protocol ya serial pa Modbus kuti izitanthauzira, port 502. Mukaisiya pa None, sankhani RTU over TCP mu pulogalamu. Mukasemphanitsa, kulumikizana kumatheka koma mayankho onse ndi timeout.

RTU imazindikira kutha kwa uthenga ndi kachetechete wa zilembo 3.5, pafupifupi 4 ms pa 9600. Kabokosi kakadula yankho pakati n'kulitumiza m'mapaketi awiri, mumaona CRC error. Pa NPort ikani Force transmit pa 5 mpaka 10 ms. Pa Wi-Fi kwezani timeout ya pulogalamu ifike 1000 ms.

Mawaya: kuchoka pa kabokosi kupita mita yoyamba, kuchoka apo yachiwiri, kenako yachitatu, mzere umodzi, osati nthambi. Mita iliyonse adiresi yakeyake pakati pa 1 ndi 247, poti zambiri zimabwera zonse zili pa 1. Ikani imodzi imodzi posintha. Resistor ya 120 ohm kumapeto onse awiri ngati chingwe n'chachitali. Zikakana, sinthanitsani A ndi B, opanga sagwirizana pa zilembozi ndipo kusinthanitsa sikuwotcha kanthu. Pa chigayo, chingwe cha data chisagone mu paipi imodzi ndi mawaya a mota.

Chisomo, Linthipe:
Zikomo achemwali. Eni chigayo amakhala ku Lilongwe, akufuna aziona ali komweko. Port forwarding pa rauta, kutsegula khomo loti munthu wa kunja afike pa chida, ingathandize?

aNgozo:
Pa SIM wamba kawirikawiri siigwira, chifukwa rauta ilibe adiresi yakeyake ya pa intaneti, imagawana ndi anthu ena ambiri. Yerekezani adiresi ya WAN mu rauta ndi yomwe masamba oonetsa IP akukuuzani. Zikasiyana, palibe cholowa kuchokera kunja. Ngakhale ikanagwira, Modbus ndi port 4001 sizifunsa pasiwedi, aliyense wozipeza atha kulemba mu chida chanu. Njira ndi ziwiri: kabokosi kakhale TCP Client kaziimbira kokha seva yanu, kapena ikani VPN monga WireGuard pa rauta. Ndipo nonse awiri, sinthani mapasiwedi aja a admin ndi moxa, muzimitse Telnet.

A Yamikani, inu muli m'malire penipeni. Ngati rauta yanu ndi ya SIM, ikani kusankha netiweki pa manual ndi kuzimitsa roaming, isamalumphire ku nsanja za ku Mozambique.

Yamikani wa ku Lizulu:
Komiti yasankha wailesi ziwiri. Funso lomaliza: m'shedi tili ndi batire la sola la 12V. NPort yalembedwa 12 mpaka 48 VDC. Ndingolumikiza mwachindunji?

Bambo Mbewe, Tsangano Turn-off:
Masana zigwira, batire lili pa 13 ndi kanthu. Madzulo kapena kukachita mitambo ya chiperoni, batire la lead-acid limatsika pansi pa 12, ndipo mwatuluka m'malire a kabokosi. Ikani DC-DC yokwezera ku 24V, ndi fyuzi ya 2A pafupi ndi batire. Wailesi zambiri zapanja zimadya 24V passive PoE (magetsi odzera pa chingwe cha netiweki), ndiye chokwezera chomwecho chitha kudyetsa zonse ziwiri, bola muwerenge pa chizindikiro cha wailesiyo musanalumikize, poti zina ndi za 48V. Pa pulagi yozungulira ya NPort, pakati ndi positive, yezani ndi multimeter musanabaye.

Mphatso Tech, Ntcheu Boma:
Mukamaliza kukweza wailesi, pa Data Packing ikani Delimiter 1 pa 0D ndi Delimiter 2 pa 0A ngati sikelo imatseka mzere ndi zonse ziwiri, kuti kulemera kulikonse kuziyenda mu paketi imodzi. Kenako siyani ping -t 192.168.1.240 ikuyenda kwa ola lathunthu tsiku la msika, malole ali pabwalo. Pomaliza zimitsani main switch, mudikire mphindi 2, muyatse, muone ngati kulemera kukubwerera pa pulogalamu popanda munthu kukhudza kanthu. Kukapanda kubwerera, tsekani pulogalamu ya malisiti n'kuitsegulanso. Kukabwera mutatero, vuto lili mu pulogalamuyo kuti siitsegulanso COM yokha, osati pa netiweki.